Njinga ya Kabaza Ikayamba Kunjanja: Fizikisi ya Mashoko Akumbuyo M'misewu ya ku Makwasa

Mukakwera kabaza pa Makwasa, bola njinga ili pa phula, ulendo umakoma. Nkhani imayamba ikapatuka kulowa m'timisewu tafumbi todutsa m'minda ya tiyi. Dothi lake ndi lakatondo, mvula ikagwa limaterera ngati sopo, ndipo madzi otsetsereka m'zitunda amasiya timigula topingasa msewu. Apa m'pamene mumadziwa ngati mwakwera njinga yabwino kapena ayi. Ina imadutsa pa migulayo mwakachetechete, inu osamva kanthu kwenikweni. Ina ikangogunda bampu imodzi imanjanja katatu kanayi isanakhazikike. Inanso imalira kuti gu! pansi pa chishalo, msana wanu n'kumva ngati wamenyedwa ndi musi.

Tiyerekeze kuti achimwene anu ali ndi njinga yotere. Ndi imene imabweretsa ndalama ya ufa pakhomo, mwinanso fizi yanu imachokera pomwepo. M'mawa amanyamula munthu wopita kuchipatala ku Malamulo, masana thumba la chimanga lopita kuchigayo, madzulo mikoko ya nthochi yochokera cha ku Thekerani. Njinga yayamba kukhala pansi kumbuyo, ndipo pa siteji aliyense ali ndi nzeru yake. Wina akuti agule mashoko olimba kwambiri, wina akuti aatali kuti njinga ikwere m'mwamba, winanso akuti awotcherere ena awiri kuti akhale anayi. Ndalama ilipo yogulira kamodzi kokha. Kodi amvere ndani?

Yankho lake lili m'buku lanu la Fizikisi, pa mitu imene ambiri mumangoiloweza chifukwa cha mayeso a MSCE.

Shoko si ya msana wokha

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito ya shoko ndi kuteteza msana wa wokwera basi. Imeneyo ndi ntchito yake yachiwiri. Yoyamba ndi kuonetsetsa kuti tayala lakhudza nthaka nthawi zonse.

Njinga yamoto imagunda pansi pa malo awiri okha, ndipo malo alionse ndi aang'ono kuposa chikhatho chanu. Kukhota, kuima ndi kukwera chitunda, zonsezi zimadalira friction ya pa timalo tiwiri timeneti. Mukukumbukira kuti friction imakula kapena kuchepa malinga ndi mphamvu imene ikukanikiza zinthu ziwirizo pamodzi. Tayala likakanikizidwa bwino pansi limagwira. Likapepukidwa limagwira pang'ono. Likanyamuka m'mwamba, ngakhale kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira, friction imakhala ziro.

Taganizirani njinga yotsetsereka pa chitunda m'nyengo ya chiperoni, woyendetsa ataponda buleki yakumbuyo. Tayala ligunda mwala n'kudumpha. Lili m'mwambamo palibe chomwe chikulizunguza, ndiye buleki ija imaliimitsa nthawi yomweyo. Pofika pansi limafika litaima, n'kuyamba kukhwekhwereza m'malo mogudubuka, ndipo kumbuyo kwa njinga kumathawira m'mbali. Anthu amadzangonena kuti anaterereka. Chomwe chinayambitsa n'chakuti shoko inalephera kubweza tayala pansi msanga.

Njinga zamoto zambiri zakale zinalibe mashoko kumbuyo. Tayala linkamangidwa ku felemu mwachindunji ndipo masipuling'i ankakhala pansi pa chishalo, monga zilili ndi njinga yakapalasa lero. Kapangidwe kamene timakaona pa kabaza, ka chitsulo chonga phanda chotchedwa swingarm chokhala ndi mashoko awiri, kanafala m'zaka za m'ma 1950. Shoko imodzi yapakati inatchuka pambuyo pake, makamaka Hakan Andersson wa ku Sweden atapambana mpikisano wa dziko lonse wa njinga za m'matope mu 1973 pa njinga ya Yamaha yokhala ndi shoko yotero. Njinga zogwira ntchito ngati za kabaza zinakhalabe ndi mashoko awiri chifukwa ndi otsika mtengo, osavuta kusintha, komanso amachirikiza kaliyala mbali zonse ziwiri.

Zinthu ziwiri m'chitsulo chimodzi

Mukaiyang'anitsitsa shoko muona kuti ili ndi zigawo ziwiri. Kunja kuli sipuling'i yopotana. Mkati mwake muli kachubu kachitsulo, ndipo m'kachubumo mumalowa ndi kutuluka kandodo konyezimira. Kachubuko ndiye damper. Sipuling'i imanyamula katundu, damper imaletsa kunjanja. Zikadwala, matenda ake amakhala osiyana ndipo mankhwala akenso ndi osiyana. Kusokoneza ziwirizi ndiye kumene kumadyetsa anthu ndalama.

Tiyambe ndi sipuling'i. Robert Hooke, wasayansi wa ku England, anafalitsa lamulo lake mu 1678. Mwachidule limati kufupika kapena kutalika kwa sipuling'i kumayendera limodzi ndi mphamvu imene mwaikapo: mukawirikiza mphamvu, kufupikanso kumawirikiza. M'kalasi timalemba kuti F = kx. F ndi mphamvu, x ndi kufupika, k ndi kulimba kwa sipuling'iyo. Lamuloli limagwira ntchito bola sipuling'i isapitirire malire ake. Ikapanikizidwa mopyola muyezo tsiku ndi tsiku, imafupikiratu osabwereranso pa msinkhu wake wakale. Akabaza akamati shoko yatopa, nthawi zambiri amanena zimenezi.

Tiyeni tiwerengere njinga ya achimwene

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, osankhidwa kuti masamu aphweke, koma sali kutali ndi a njinga zing'onozing'ono. Titenganso ngati mashoko aima chilili pamwamba pa tayala, ngakhale kuti pa njinga yeniyeni amapendekeka pang'ono.

Tinene kuti sipuling'i iliyonse ili ndi k wa 20 N/mm, kutanthauza kuti pamafunika manyutoni 20 kuti ifupike ndi milimita imodzi. Popeza zilipo ziwiri zoyandikana zonyamula katundu mmodzi, k wake timaphatikiza: 20 + 20 = 40 N/mm. Tinenenso kuti shoko ikhoza kufupika mamilimita 80 isanagunde mapeto ake.

Kulemera kwa njinga ndi kwa woyendetsa kumagawika pa matayala awiri. Tinene kuti gawo logwera pa mashoko akumbuyo ndi makilogalamu 120. Tikatenga g kukhala 10, amenewo ndi manyutoni 1,200. Kufupika kwake ndi 1,200 ÷ 40 = mamilimita 30. Atsala 50 oti alandire mabampu.

Tsopano akwere mayi wa makilogalamu 60. Wokwera amakhala pafupifupi pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo, ndiye kulemera kwake konse tikuika pa mashoko: 600 ÷ 40 = mamilimita 15. Pa kaliyala amange thumba la chimanga la makilogalamu 50: 500 ÷ 40 = mamilimita 12.5. Zonse pamodzi ndi 57.5. Pa mamilimita 80 aja atsala 22.5 okha, osafika ndi m'lifupi mwa zala ziwiri. Njinga isananyamuke n'komwe, shoko yatha kale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ulendo wake.

Ndiye ikagunda mgula wozama, mamilimita 22.5 aja amatha nthawi yomweyo, chitsulo n'kugunda kalabala kamene kali kumapeto. Gu! uja ndi ameneyu. Pa nthawi imeneyo njinga imakhala ngati ilibe shoko, ndipo mphamvu yonse imapita ku masipoko, ku limu, ku felemu ndi ku msana wa mayi aja. Masipoko oduka kawirikawiri ndi kaliyala yong'aluka powotcherera ndi umboni wa shoko imene ikugunda mapeto.

Oilo wodutsa pa kabowo

Sipuling'i ili ndi khalidwe limodzi loipa: siisunga chinthu mpaka kalekale, imabweza. Energy imene yalandira pa bampu imaisunga kwa kanthawi kenako n'kuibweza yonse. Pa chitsanzo chathu, bampu yopanikiza mashoko ndi mamilimita 40 owonjezera imasiya energy yokwana ½kx², yomwe ndi ½ × 40,000 × 0.04 × 0.04 = majulo 32. Popanda china choilanda, energy imeneyi imakankhira njinga m'mwamba, njinga n'kugwa, n'kupanikizanso sipuling'i, choncho mobwerezabwereza ngati mpira wa chikulunga wofufuma.

Wolanda wake ndi damper. M'kachubu kaja muli oilo, ndipo kumapeto kwa kandodo kuli pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono ndi timavalavu. Shoko ikamafupika kapena kutalika, oilo amakakamizika kudutsa m'timabowomo. Chifukwa oilo ndi wolemerera, wa viscosity yokwera, amakana kudutsa mwachangu, ndipo kukanako kumasandutsa energy yoyenda kukhala kutentha. N'chifukwa chake njinga ikayenda nthawi yaitali pa msewu wa mabampu, kachubu ka shoko yamoyo kamamveka kofunda. Energy sinasowe, yangosintha maonekedwe, monga mmene lamulo la kusatayika kwa energy limanenera.

Chosiyanitsa china n'chakuti mphamvu ya sipuling'i imadalira mtunda umene yafupika, pamene mphamvu ya damper imadalira liwiro. Mukaikankha pang'onopang'ono imalola. Mukaikankha mwadzidzidzi imakana. Opanga amaikonza kuti izikana kwambiri pobwerera kusiyana ndi popanikizika, kuti tayala lithawe bampu mosavuta koma njinga isaponyedwe m'mwamba pambuyo pake.

Mdani wa damper kwathu kuno ndi fumbi ndi matope. Fumbi lakatondo likamatirira pa kandodo konyezimira kaja limakhala ngati sandipepa, limadya kalabala kotseka oilo. Dzimbiri la m'nyengo ya mvula limachitanso chimodzimodzi. Oilo akayamba kuchucha mumaona kachubu kali konyowa, fumbi litamatapo lakuda. Akatha, chotsala ndi sipuling'i yokha. Njinga imanyamulabe katundu ndipo poima imaoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake ambiri sadziwa kuti shoko inafa kalekale. Imadziwika poyenda, ikamanjanja.

Mashoko ena amakhala ndi kabotolo pambali. M'menemo muli mpweya wa nayitirojeni wopanikizidwa, umene umaletsa oilo kuchita thovu akatentha, pakuti oilo wathovu amadutsa m'timabowo mosavuta ndipo damper imafooka. Shoko yotere siyoboola, siyootcha, siyowotcherera. Ikhoza kuphulika.

Kakolala ka mano kamene ambiri saakhudza

Pansi pa sipuling'i ya mashoko ambiri a kabaza pali kakolala kokhala ndi mano ngati masitepe, kawirikawiri asanu. Kamazunguzidwa ndi sipanala yokhota ngati mbedza. Mukakakweza, kamapanikiziratu sipuling'i katundu asanakwere. Kupanikiziratu kumeneku kumatchedwa preload.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale anthu akuluakulu. Amati ukakweza kakolala ndiye kuti walimbitsa sipuling'i. Ayi ndithu. k sanasinthe, waya ndi yemweyo, mapotedwe ndi omwewo. Chimene chasintha ndi poyambira. Ngati kakolala kapanikiziratu masipuling'i ndi mamilimita 10, ndiye kuti akukankha kale ndi mphamvu ya 40 × 10 = manyutoni 400. Makilogalamu 40 oyamba saitsitsa njinga ngakhale pang'ono. Kuyambira pamenepo, manyutoni 40 alionse amaitsitsa milimita imodzi ngati kale.

Pa njinga ya achimwene yodzaza ija, kutsika kumachoka pa 57.5 kufika pa 47.5, ndipo malo otsalira mabampu amakwera kuchoka pa 22.5 kufika pa 32.5. Mamilimita 10 aulere, osalipira ngakhale tambala. Chofunika n'chakuti timakolala tonse tiwiri tikhale pa dzino lofanana. Kamodzi kakakhala pamwamba kena pansi, swingarm imapotoka ndipo mabushi amadyeka mbali imodzi.

Odziwa za mashoko amalangiza kuti njinga itanyamula katundu wake wa masiku onse izitsika pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulendo wonse wa shoko. Pa mamilimita 80, ndiye kuti pakati pa 20 ndi 27. Mwina mukufunsa kuti bwanji osangoti isatsike n'komwe? Chifukwa msewu suli ndi mabampu okha, ulinso ndi maenje. Tayala likafika pa dzenje, shoko imayenera kutalika kuti ililondole pansi. Njinga imene sinatsike ilibe potalikira, ndiye tayala limangolendewera m'mwamba.

Nanga mashoko anayi?

Tsopano tione nzeru ya pa siteji ija. Kuwonjezera mashoko awiri ofanana ndi akale kumawirikiza k kufika pa 80 N/mm. Njinga yodzaza, ya manyutoni 2,300, imatsika mamilimita pafupifupi 29 okha. Kugunda mapeto kwatha, ndipo amene anapereka nzeruyo sananame. Koma pali mtengo wake, ndipo umaoneka tikatsegula mutu wa oscillations.

Chinthu chilichonse cholemera chokhala pa sipuling'i chili ndi liwiro lake lachibadwa lonjanjira, natural frequency, lomwe timalipeza ndi f = (1 ÷ 2π) × √(k ÷ m). Sipuling'i ikalimba frequency imakwera, katundu akachuluka imatsika. Tengani kakyuleta muone nokha, k akhale mu N/m:

Mashoko awiri, woyendetsa yekha: k ndi 40,000, m ndi 120, f ndi 2.9 Hz.
Mashoko awiri, njinga yodzaza: k ndi 40,000, m ndi 230, f ndi 2.1 Hz.
Mashoko anayi, njinga yodzaza: k ndi 80,000, m ndi 230, f ndi 3.0 Hz.
Mashoko anayi, woyendetsa yekha: k ndi 80,000, m ndi 120, f ndi 4.1 Hz.

Mzere womalizawo ndiwo wovuta. Thupi la munthu wokhala pansi limavutika kwambiri ndi kugwedezeka kokwera ndi kutsika kwa pakati pa 4 ndi 8 Hz. Ndipo wa kabaza sayenda wodzaza tsiku lonse. Akatsitsa munthu ku Malamulo kapena thumba kuchigayo, nthawi zambiri amabwerera yekha ku siteji. Pa maulendo obwererawo njinga ya mashoko anayi imatsika mamilimita 15 okha, imamugwedeza pa liwiro lopweteka msana, ndipo tayala lopepukidwalo limadumphadumpha pa miyala m'malo moilondola. Wachiza matenda a ulendo wopita, wagula matenda a ulendo wobwerera.

Palinso chinthu china chimene mashoko anayi amabisa. Wopanga njinga amalemba m'buku lake kulemera kumene njingayo ingathe kunyamula, ndipo malire amenewo saachokera ku mashoko okha. Amachokera ku tayala, lomwe nalonso lili ndi malire olembedwa m'mbali mwake, ku masipoko, ku felemu ndi ku mabuleki. Kutsika kwa njinga kunali ngati chenjezo loti katundu wakwana. Mukachotsa chenjezolo, mabuleki amakhala omwe aja. Energy yoyenda ndi ½mv², ndiye kulemera konse kwa njinga ndi katundu wake kukawirikiza, ntchito ya mabuleki imawirikizanso. Pa msewu wotsikira ku Muona kuchokera ku Thekerani, kumene njinga imatsetsereka mtunda wautali kulowa m'chigwa cha Shire, mabuleki otentha amafooka pa nthawi imene akufunika kwambiri. Malo owotcherera mashoko owonjezerawo nawonso sanapangidwe kuti anyamule mphamvu yotero, ndipo felemu imakonda kung'alukira pomwepo.

Nanga njira yapakati? Tiyese masipuling'i awiri a 30 N/mm iliyonse, pamodzi 60. Woyendetsa ali yekha, kakolala kali pansi: 1,200 ÷ 60 = mamilimita 20. Njinga yodzaza: 2,300 ÷ 60 = 38, kuchotsapo 10 a kakolala, atsala 28. Manambala onse awiri ali pa muyezo uja kapena pafupi nawo kwambiri, ndipo frequency ya woyendetsa yekha ndi 3.6 Hz, pansi pa malire opweteka. Kulimbitsa ndi theka kwachita zimene kuwirikiza kunalephera.

Opanga njinga anaiona kale nkhani ya katundu wosinthasintha. Yang'anani masipuling'i ambiri a kabaza, muona kuti mbali ina mapotedwe ake ndi othinana, mbali ina otalikirana. Katundu akachuluka, othinanawo amagundana n'kusiya kugwira ntchito, ndipo sipuling'i yotsalayo, pokhala yaifupi, imakhala yolimba. Choncho imafewa munthu akakhala yekha, n'kulimba akanyamula. Njinga za Boxer, zopangidwa ndi Bajaj ya ku India, zimabwera ndi kasipuling'i kena mkati mwa sipuling'i yaikulu. Mfundo yomweyi ikutichenjezanso kuti kudula sipuling'i sikuifewetsa, kumailimbitsa.

Msewu nawonso uli ndi frequency

Mwina munaonapo kuti pa msewu wina wa mabampu otsatizana pali liwiro lina limene njinga imapenga, koma ikachepetsa kapena kuwonjezera pang'ono imakhazikika. Imeneyo ndi resonance. Msewu wa mabampu otalikirana mofanana uli ngati funde, ndipo v = fλ imagwira ntchito. Ngati timigula ta madzi tatalikirana mamita 2 ndipo njinga ili ndi frequency ya 3 Hz, liwiro loopsa ndi 3 × 2 = mamita 6 pa sekondi, pafupifupi makilomita 22 pa ola. Pa liwiro limeneli bampu iliyonse imakankha njinga pa nthawi yeniyeni imene inali kale kukwera, monga mmene mumakankhira mnzanu pa katungwe. Damper yamoyo imalanda energy pa kunjanja kulikonse, ndiye kunjanjako sikukula. Damper yakufa imangoonerera, mpaka wokwera anyamuka pa chishalo.

Shoko yaitali si yankho

Yatsala nzeru yogula mashoko aatali. Kukweza kumbuyo kumaweramitsa njinga kutsogolo, foloko yakutsogolo imaimirira kwambiri, ndipo chiwongolero chimakhala chopepuka ndi chosakhazikika pa liwiro. Swingarm nayo imaloza pansi kuposa mmene anaipangira, zomwe zimasokoneza tcheni. Tcheni imakungika kwambiri pamene kasiporoketi ka injini, polumikizira swingarm ndi pakati pa tayala zili pa mzere umodzi. Makaniko akaikunga njinga ili m'mwamba choncho, katundu akakwera n'kutsitsa swingarm kufika pa mzere uja, tcheni imakokeka mopitirira n'kuwononga mabering'i, apo ayi kuduka kumene. Shoko yatsopano iyenera kufanana ndi yakale kutalika kwake, kuyeza kuchokera pakati pa bowo lakumwamba kufika pakati pa bowo lapansi, ndipo mabowowo akwanire mabauti ake.

Yesani nokha

Simufunika labu. Pezani jakisoni watsopano wopanda singano. Kokani madzi n'kuwakankha, kenako chitani chimodzimodzi ndi mafuta ophikira. Yesani pang'onopang'ono, yesaninso mwachangu. Chala chanu chimva zimene pisitoni ya damper imamva.

Kachiwiri, mangani mwala ku lamba wa labala, muukoke pansi n'kuusiya, muwerenge kuti unjanja kangati usanaime. Bwerezani mwalawo uli m'ndowa ya madzi. Labala ndi yemweyo, koma madzi asanduka damper.

Kachitatu, pemphani mwini njinga, injini ili yozima, ndipo mukhale atatu. Imikani njinga pa sitandi yapakati kuti tayala lakumbuyo lilendewere. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika pa malo amodzi a felemu amene ali pamwamba pake, mulembepo ndi choko. Tsitsani njinga, mwini wake akhalepo mapazi ali pa zopondera, mnzanu agwirizize kutsogolo, inu muyezenso. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kutsika kwa njinga. Bwerezani atakwera munthu wachiwiri amene mukudziwa kulemera kwake. Gawani kulemera kwake m'manyutoni ndi mamilimita owonjezerawo, ndipo mwapeza k wa njinga yeniyeni. Pomaliza didikizani kaliyala mwamphamvu n'kusiya. Ikakwera kamodzi n'kukhazikika, damper ili moyo. Ikanjanja kawiri katatu, yafa.

Zoti mukawauze achimwene

Asanakwere minibasi ya ku Limbe kukagula zitsulo, ayambe ndi zaulere. Aone mpweya wa m'matayala, pakuti tayala nalonso ndi sipuling'i, ndipo lopopedwa mopitirira limadumpha ngakhale shoko ili yatsopano. Agwedeze tayala lakumbuyo cham'mbali njinga ili pa sitandi, ngati likugwedera ndiye kuti vuto ndi mabushi kapena mabering'i, zomwe n'zotsika mtengo kuposa mashoko. Apukute tindodo tonyezimira n'kuona ngati oilo akuchucha. Akweze timakolala mofanana, inu muyezenso ndi tepi.

Ngati njinga ikunjanja, damper yafa, ndipo palibe kakolala kamene kangaidzutse. Ngati sikunjanja koma ikutsikabe kupitirira theka atanyamula katundu wa masiku onse, masipuling'i ndi ofewa kapena atopa. Pa zonse ziwirizi mashoko amasinthidwa onse awiri pamodzi, a msinkhu wofanana ndi akale, olimba pang'ono ngati ntchito yake ndi ya katundu. Ndipo ngati katunduyo wapyola malire a m'buku la njinga, palibe shoko yogula imene ingathandize. Yankho lake ndi maulendo awiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kwa wa njinga yamoto mwambiwu umapweteka kawiri, chifukwa phula lake ndi la pamsewu. Chipewa chikhale kumutu kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, pakuti shoko yabwino imachepetsa mwayi wakugwa koma siithetsa. Loweruka likubwerali tengani tepi, choko ndi kakyuleta, mukayeze njinga ya pakhomo panu achimwene asanatulutse ndalama.